Mbuzi za a Gwirize ndi tchanelo ya Ndaziona

Malonda ake anali otere, ana inu: foni yatsopano yaulere, getsi lowalitsa nkhope laulere, oonera ochuluka ngati nyerere, iwe osatulutsa ngakhale tambala. Mukadzamva malonda a mtundu umenewu, muzidzayamba mwagwira thumba.

Ku Mitundu kunali mtsikana wina dzina lake Ndaziona. Iyeyu ankajambula mavidiyo ndi foni yong'aluka galasi, ndipo amene ankawajambula anali atsibweni ake, a Gwirize, akunenerera mitengo ya mbuzi pamsika. A Gwirize ankatha kunyoza mbuzi yonenepa mpaka mwini wake n'kuyamba kupepesa. Anthu ankaseka, tchanelo yake ya pa intaneti inakula, tindalama ta otsatsa malonda tinayamba kudontha.

Ndiye kunafika mwini malonda aja, a Chidzanja, nthumwi ya kampani ina yomwe imasonkhanitsa matchanelo a anthu m'khola limodzi, n'kumawapezera otsatsa malonda, iyo n'kumadulako gawo lake.

"Chathu n'chochepa, achemwali," anatero a Chidzanja. "Magawo anayi pa khumi alionse, ndi mawu achinsinsi olowera pa tchanelo kuti tizikukonzerani zinthu."

"Nanga ndikadzafuna kutulukamo?" anafunsa Ndaziona.

"Aa, achemwali! Munthu amatsika basi ikuthamanga?"

Ndaziona anatembenukira a Gwirize. "Atsibweni, bambowa sanandiyankhe."

"Takhala chete iwe. Zojambula ndi zako, malonda ndi anga."

A Gwirize anamva mawu akuti magawo anayi basi, zinazo zinawadutsa. Anapukusa mutu, anadzuka, nayamba kuchoka monga amachitira pamsika. A Chidzanja anawaitana, natsitsa kufika pa atatu. Anachokanso kachiwiri, ulendo uno mpaka pachipata. A Chidzanja anawathamangira, natsitsa kufika pa awiri, n'kuwonjezera jekete.

"Atsibweni," ananong'oneza Ndaziona, "si inu mumati munthu akatsitsa msanga ndiye kuti mbuziyo ikudwala?"

"Uyu wangondiopa. Mpatse mawuwo tisamuchedwetse mlendo."

Mwana wa mlongo satsutsa atsibweni ake mlendo ali pomwepo. Ndaziona anapereka mawu aja, nkhope ili gwa. A Gwirize anavala jekete dzuwa likuswa mtengo, nayenda nalo msika wonse.

Mvula isanagwe, Ndaziona anapezeka kuti sangalowenso pa tchanelo yake. Mawu achinsinsi anali atasinthidwa. Mavidiyo ankaonetsedwabe, anthu ankasekabe, koma ndalama zinkathera kukampani. Ati zikubweza foni, getsi, ndi jekete lomwe.

A Gwirize anaimbira a Chidzanja. Iwo anayankha mwaulemu kuti wofuna kutuluka m'khola amadziwombola, natchula mtengo.

"Ndiye basi, malonda alephereka, ndapita!" anakalipa a Gwirize, nadikira kuti awaitane. Foni inangoti tii. Pafoni palibe chipata choti munthu akuthamangire.

Ndaziona sanalire. Anangoti, "Atsibweni, paja munati malonda ndi anu."

Panalibe kuchitira mwina koma kugulitsa mbuzi za a Gwirize kuti awombole tchanelo. M'mawa wa tsiku la msika, a Nachisale, akazi a a Gwirize, anathira madeya ndi mchere m'chiwaya kuti mbuzi zikhute, zimwe madzi ambiri, zikaoneke zonenepa kwa ogula. Mbuzizo zinali zisanaonepo chikondi chotere. Zinadya, zinadumphadumpha, tonde mpaka anakwera pa nkhokwe.

A Nachisale anaziyang'ana, kenaka anayang'ana amuna awo.

"Taonani anzanu, bambo. Mmenemu ndi mmene munkadumphira tsiku la jekete lija. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi."

Anthu amene ankadutsa pamsewu anamva, nawatola mawuwo, ndipo mpaka lero akuyenda. Tanthauzo lake ndi ili: mlendo akayamba kukudyetsa zonona iwe usanamugwirire ntchito, usafunse kuti mbale ndi yaikulu bwanji. Funsa kuti chingwe chili m'manja mwa ndani, ndipo akuchikokera kuti. Sikuti makampani onse otere ndi akuba, ayi. Koma woona mtima ukamufunsa za khomo lotulukira amakulozera, sakuuza za basi.

Tchanelo inabwerera kwa Ndaziona. A Chidzanja sanataye kanthu, Ndaziona anataya miyezi yokha. Amene analipira ndi katswiri wa malonda uja, a Gwirize: mbuzi zisanu ndi zinayi, ndi tonde yemwe.