Mphete ya m'kadilowa kotsiriza

M'nyumba ya a kalipentala munkanunkhira vanishi mwezi wonse wa Novembala. Mkuluyu anali ataona m'sitolo makalendala owerengera masiku a Adiventi, oyembekezera Khirisimasi, opangidwa ndi makatoni, oti ukang'amba tizitseko take basi ulendo wa kudzala, ndipo mtima unawapweteka. Anatolera zidutswa za matabwa zimene zinkagona pansi pa benchi, nakhoma kakabati koti kadzatumikire ngakhale zidzukulu: timadilowa makumi awiri ndi tinayi, tofanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Manambala anawasema pa felemu, osati pa timadilowato, pakuti ankanyadira kuti kalikonse kangalowe m'malo mwa kanzake popanda kulira.

Kudzaza inali ntchito ya akazi awo, atelala. Switi, chokoleti, kasopo, kavesi kolemba pamanja, chilichonse anachikulunga m'thonje n'kuchisokera m'kathumba ndi msoko wawowawo, umene munthu sangaumasule n'kuubwezera osagwidwa.

"Bambo, tcherani khutu," anatero atelala. "M'kadilowa kotsiriza muli mphete. Wasiya ndi dalaivala uja, bwenzi la mwana wathu. Abwera kuchokera ku ulendo tsiku lomalizalo, ndipo akufuna mwanayo adzatsegule yekha, iye atagwada pompo. Manja anuwo muwasunge m'thumba."

"Ine? Kabati ndakhoma ndine, ndingakabere bwanji?"

"N'chifukwa chake ndikuuza inuyo."

Tsono a kalipentala ndi chokoleti anali pa ubwenzi wa ponda apa nane mpondepo, ndipo mwana wawoyo, pokhala namwino, anali atawaletsa shuga. Loweruka lina akazi awo atapita kukagula ulusi, anasolola kadilowa kamodzi, ati kungoona ngati vanishi wauma. Ananunkhiza. Anasolola kachiwiri, chifukwa koyambako kanamveka sopo. Kachitatu kanalonjeza, koma kachinayi kanalonjeza koposa. Posakhalitsa timadilowa tonse tinali mbwee patebulo, mwini wake akuyendetsa mphuno uku ndi uku ngati galu wa alenje. Asanadule ndi msoko umodzi womwe, geti linalira. Anatibwezera mothamanga, kalikonse pamene dzanja lafikira, ndipo tonse tinalowa mwaulemu, monga mmene anatikonzera. Atakhala pansi m'pamene thukuta linabwera: nanga mphete ili pati?

M'mawa uliwonse akatha kumwa tiyi, banja linkasonkhana pakabatipo n'kumatsegula mosinthana: namwino, atelala, a kalipentala, kenako apongozi awo, mayi a atelala, gogo wokonda ndolo ndi mafuta onunkhira. Ena ankaomba m'manja. A kalipentala ankapemphera chamumtima.

"Kasopo aka ndinakaika chakumapeto," anadabwa atelala tsiku lachisanu.

Apa khomo lolapira linali lotsegula. A kalipentala analiyang'ana, nalitseka okha. "Ndi ukalamba umenewo, mayi. Umayamba choncho."

Tsiku la khumi ndi chiwiri linagwera apongozi. Anadula msoko ndi kalumo, nafunyulula thonje, kenako anakuwa mpaka mphaka anathawira kunja.

"Mayo ine! Golide!" Asanawagwire dzanja, mphete inali italowa kale pachala. "Zaka makumi atatu ndakhala ndikuuza anthu kuti mkamwini wangayu ndi wouma manja. Ndikhululukireni, bambo, ndinakulakwirani!" Anayamba kuvina mozungulira tebulo, chala chili m'mwamba ngati kandulo.

"Amayi, vulani," anatero atelala.

"Nsanje! Wako anakugulira liti?"

Atavomera kuvula, mphete inakana. Anayesa sopo, anayesa mafuta ophikira, chala chinangotupa. Namwino, akuseka mpaka misozi, anatenga ulusi wa amayi ake, naukulunga pachalapo monga amachitira ku chipatala, ndipo mphete inatsetsereka n'kugwera m'dzanja lake. Poipukuta anaona zilembo m'kati mwake: choyamba cha dzina lake ndi choyamba cha dzina la dalaivala. Kuseka kunaduka. Anayang'ana amayi ake, amayi ake anayang'ana bambo ake, bambo ake anayang'ana denga ngati aona pamene pakudontha.

Atelala sanakalipe. Anaimbira dalaivala foni, naiika m'manja mwa amuna awo. "Muuzeni nokha. Ine ndakalamba, ndingaiwale zina."

A kalipentala, amene kwa chaka chathunthu ankamudikiritsa mnyamatayo pakhonde kuti adziwe mwini nyumba, anayamba ndi chifuwa. "Mwana wanga, uli bwanji? Msewu uli bwanji? Matayala?" Atatha mafunso onse a padziko, anaulula.

Kenako mawu a dalaivala anamveka, ofooka: "Bambo, ndagula suti. Mawu oti ndidzanene ndakhala ndikuloweza milungu itatu. Tsopano ndigwadire ndani, thayala?"

Namwino anatsomphola foniyo. "Imika galimoto, ugwade pomwepo. Ndikumvetsera."

"Pali matope."

"Gwada!"

Ndipo mawu amene anakonzedwera suti ndi maluwa ananenedwa m'mphepete mwa msewu, malole akuliza mahutala, theka lake osamveka n'komwe. Namwino anavomera katatu kuti mwina kamodzi kafika. Atelala analira, apongozi anafunsa kuti yawo ili m'kadilowa kachingati, kenako anatembenukira kwa mkamwini wawo n'kumuonetsa chala chotupacho kuti ayeze saizi.

A kalipentala anakhala pampando, manja ali m'thumba tsopano. Anali atalanda mwana wawo tsiku lake, atapepesa mnyamata wa pakhonde, atalonjeza apongozi mphete, ndipo pa zonsezi chokoleti sanalaweko ngakhale kakhambi. Akuluakulu sanalankhule mopeka pamene anati: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada.