Dzina la M'kolala

Panali mayi wina telala ku Mponela, dzina lake Nangondo. Ankasoka mayunifolomu a amayi a mumpingo ndi madiresi a ukwati. Chovala chilichonse asanachipereke, ankasokerera kansalu m'kolala, kolembedwa ndi ulusi wofiira dzina lake ndi chaka. Ankatero kuti msoko ukamasuka, mwini chovala adziwe kobweza.

Mbiri yake itafika kutali, anafuna tsamba la pa intaneti kuti ngakhale a ku Joni aziitanitsa zovala. Za makompyuta sankazidziwa, ndiye anapempha mlamu wake, mng'ono wa amuna ake, kuti akamulembetsere tsambalo pa dzina lake. Mlamu analembetsa, inde, koma pofunsidwa mwini wake anadzitchula yekha. Nangondo sanafunse. Inu mukudziwa mmene timachitira ife. Mlamu kumuuza kuti ndionetseni zimene mwalemba? Aaa, manyazi!

Amuna ake atamwalira, chibale chinazirala. Mlamu anasintha mawu achinsinsi olowera patsambalo, n'kuyamba kugulitsirapo madiresi osokedwa mothamanga, pa dzina la Nangondo. Mkwatibwi wina diresi linamung'ambikira akuvina pa perekaniperekani, ndipo foni yotukwana inagwera mayi wosalakwa. Zinamupweteka kwambiri. Msana anaupindira pa makina zaka zonsezo, lero dzina lake likunyozeka m'manja mwa wina.

Nangondo atakadandaula, mlamu anati, "Alamu, dzinalo ndinalembetsa ndine. Pezani lina, maina satha."

Achibale nawo anati, "Chibale ndi fupa, sichiola. Zakukhoti zisiyeni." Nangondo anawamvera mpaka atatopa. Tsiku lina anatseka shopu, n'kukasuma.

Kukhoti loya wa mlamu anaonetsa kuti wolembetsa ndi mlamuyo, ndipo sanali kunama. Woweruza anafunsa, "Mayi, muli n'chiyani chosonyeza kuti dzinali munkachitira malonda tsambali lisanakhalepo?" Nangondo anayang'ana pansi. Analibe.

Kumbuyo kunakhala amayi a mumpingo amene anamuperekeza, atavala yunifolomu. Mmodzi anaimirira, napempha chilolezo, n'kutembenuza kolala ya bulauzi yake. Mnzake anachita chimodzimodzi. Posakhalitsa benchi yonse inali chiimire, makolala ali kunja. Woweruza anawaitana mmodzimmodzi, nawerenga ulusi wofiira uja, wofwifwa ndi sopo. Dzina linali lomwelo, ndipo zaka zake zinali zakale kuposa tsamba. Analamula kuti dzina libwerere kwa mwini wake.

Abale anga, mukanamuona Nangondo! Atatuluka anakhala pakhonde la khoti n'kuyamba kulira ndi kuseka nthawi imodzi. Amayi aja anamuzungulira ndi nthungululu, mpaka mlonda anawapempha kuti achepetse. Wina anamuseka kuti, "Ndiye batani langali mundisokere ulere, ndakuchitirani umboni!" Mtima wa Nangondo unakhala pansi. M'mawa mwake makina analiranso mushopu, ndipo diresi loyamba limene anasoka linali la mkwatibwi wochititsidwa manyazi uja.

Tsono iwe amene ukundimva, chako lembetsa wekha, ndipo ukatuma m'bale funsa zimene walemba. Manyazi anatsala pang'ono kumulanda mayiyu dzina. Koma usaiwale chimene chinamuombola. Sanasoke tinsalu tija pokonzekera mlandu. Ankangovomera kuti ntchitoyi ndi yanga, ikalakwika bwerani kwa ine. Nanga iwe, litafika tsiku loti uyang'ane pansi pamaso pa woweruza, ndani adzaimirire kutembenuza kolala?