Kameta ndi Anapiye a Mnzake

Kalekale, nkhuku zisanaleke kuyankhula ndi anthu, kunali mayi wina dzina lake Nasimango. Iwe Edina, tasiya kaye kutongola chimangacho, nthanoyi ndi yako.

Nasimango anali munthu wa mafunso. Nyerere ikadutsa, iye ankafuna kudziwa kumene ikupita. Anzake ankamuseka kuti, "Mayi awa adzafunsa ngakhale ali m'bokosi."

Nasimango anali ndi nkhuku ziwiri zathadzi. Ina yakuda, ina yopanda nthenga m'khosi, dzina lake Kameta. Yakuda inaswa anapiye asanu. Kameta anafungatira mazira ake. Anafungatira, anafungatira, sabata zitatu zinakwana, zii. Yachinayi, zii. Mazira anali atasukuluka, koma akanamuuza ndani? Kudya osadya, anatsala mafupa okhaokha.

Tsiku lina vumbwe anagwira yakuda ija kuseri kwa nkhokwe. Anapiye anatsala okha, ndiye inali nyengo yachisanu. Popanda phiko lowafunditsa, sakanafika mawa.

Nasimango anati, "Uku kuli mayi wopanda ana, uku kuli ana opanda mayi. Chovuta n'chiyani?"

Anaika anapiye m'lichero dzuwa lili paliwombo. Anaitananso anzake kuti adzaone chifundo chake. Anafika pachisa.

"Odi, Kameta! Ndakubweretsera ana amasiye."

Kameta anatukumula nthenga. "Wanga sabwera ndi odi," anatero. Jo! Anajompha kamwanapiye kamodzi pamutu, kanafera pomwepo. Anatsala anayi. Ine kamwanapiye kameneko kamandimvetsa chisoni mpaka lero.

Anzake aja anati, "Nkhuku yoipa mtima iyi, tengani mpeni." Koma Nasimango funso linali litamugwira kale. Kodi nkhuku imamudziwa bwanji mwana wake?

Anakulunga anapiye m'nsalu pachifuwa pake, nakhala pansi pambali pa chisa.

"Kaya imawerenga?" Anaba dzira limodzi. Kameta osazindikira n'komwe.

"Kaya imayang'ana maonekedwe?" Anaika mwala wobulungira. Kameta anaukoka ndi mlomo, nauika pansi pa mimba.

"Ha! Mwala waulandira, mwana wamoyo wamukana! Zimenezi ndiye ziti?"

Anakhalabe pomwepo, khutu tcheru. Kenaka anamva Kameta akunong'oneza mazira ake ofa aja:

"Kuku, kuku, mulimo? Tagwedezekani ndimve."

Zii.

"Kuku, kuku, mulimo? Tagwedezekani ndimve."

Zii.

Nasimango anadzimenya pantchafu. "Ohoo! Uyu sakudikira wochokera pakhomo ayi. Akudikira yankho lochokera pansi pake."

Apo n'kuti kamwanapiye kakang'ono pa onse katayamba kutsinzina, kulira kwake kosamvekanso. Nasimango anakapumira mpweya wam'kamwa, nadikira dzuwa lilowe, pakuti nkhuku chisisira chikagwa maso ake saona bwino.

Ulendo uno anapita yekha. Odi panalibe, oonerera panalibe. Analowetsa dzanja pansi pa phiko pang'onopang'ono. Dzira kunja, mwanapiye mkati. Dzira kunja, mwanapiye mkati. Mpaka onse anayi analowa, mazira ovunda onse nawataya kudzala.

Anabwerera, nagwada, namva Kameta akunong'onezanso:

"Kuku, kuku, mulimo? Tagwedezekani ndimve."

"Piyo."

Kameta anaumitsa khosi. Anaweramitsa mutu, mlomo uja n'kufika pamutu penipeni pa kakang'ono kaja. Nasimango anatseka maso. Atatsegula, anaona Kameta akukakankhira mkati ndi mlomo womwewo, natsitsa mapiko onse awiri.

M'mawa mwake Kameta anatuluka m'chisa, anayi ali pambuyo. Anapalasa pansi, nawaitana kuti adye. Tsono iwe ukuganiza kuti Nasimango akanangokhala osafunsa?

"Kameta, ndakupusitsa eti?"

"Mwapusitsa ndani? Mwanapiye wobadwa lero sakhala ndi nthenga m'mapiko. Ndinadziwa kuti ndi a mnzanga uja."

"Nanga dzulo masana unajompheranji?"

"Masana munandibweretsera amasiye, anthu akuonerera. Madzulo munandipatsa ana ozizidwa. Chimene chafunda ndi thupi langa n'changa."

Kuyambira tsiku limenelo, aliyense wodziwa kuweta nkhuku sapereka anapiye kwa thadzi masana. Amadikira chisisira, n'kuwalowetsa pansi pa phiko mwakachetechete.

Tsono Edina mwana wanga, mawa kukubwera mwana wa malemu alamu ako kudzakhala nanu. Ndamva kuti waitana amayi a kumpingo kuti adzamulandire ndi nyimbo. Aaa, leka zimenezo! Ukufuna kumuika m'lichero? Usamuimike pabwalo kuti aliyense amuloze chala. Alowe ngati wachokera kumjigo. Mphasa imene agona ana ako, agone pomwepo. Bulangete lomwelo, mbale yomweyo. Akalakwa, um'kalipire monga ukalipira ako. Wina akakufunsa kuti uli ndi ana angati, usati atatu ndi wamasiye mmodzi. Uziti anayi.

Usandiyang'ane choncho, ndikudziwa chimene ndikunena. Agogo ako aja, amene ndinkawatcha amayi, sanandibereke ine. Ndinazimva pamaliro awo, ndili kale ndi ana awiri.

Nthano yanga yathera pomwepo, tola chimanga chako tizitongola.