Tsiku Limene Nyanja Inabwera Kudzaanula Zochapa

Ntchito za Mlamu tsiku limenelo zinali zodziwika: kusesa pakhomo, kusambitsa mwana, kulongedzera mwamuna kamba, kenako kupita kunyumba za alendo kukachapa nsalu zonse za pabedi, kuziyanika, kuzisita ndi kuziyala alendo asanafike madzulo. Onse m'nyumba za antchito ankamutchula Mlamu chifukwa mwamuna wake, mlonda wa nyama m'paki ya m'mphepete mwa nyanja yamchere, anali atakhalitsa pamalopo. Iye anali atangofika kumene kuchokera kumapiri. Mayi a Makiyi, oyang'anira nyumba za alendo, anamuuza poyera kuti lero n'lomuyesa: nsalu zikayera ndi kuuma pa nthawi yake, ntchito ndi yake.

Kuchapa sikunali nkhani. Vuto linali poyanika. Chingwe chinali kuseri, pansi pa mitengo, ndipo apusi anali atachisandutsa katungwe. Atangokoleka nsalu yoyamba, kapusi kena kanatsetserekapo n'kusiya zidindo za matope. Mlamu anatukwana chamumtima, nabereka mwana, nasenza beseni, nakwera chitunda cha mchenga chomwe chimatchinga nyumbazo kuti akafune malo opanda mtengo.

Atafika pamwamba anaima kaye. Mchenga woyera unangoti see mpaka kutali, nyanja ikuoneka ngati kansalu kobiriwira kumapeto kwa dziko. Kumanzere kunali nkhalango ya mitengo yomera m'matope amchere, mizu yake ili pamtunda ngati miyendo ya kangaude. Akakowa ankayenda monyang'wa m'madziwe, ndipo tinkhanu ta dzanja limodzi lalikulu tinkathawa chammbali n'kulowa m'mauna. Pakati pa mchengawo panali thanthwe lalikulu losalala, lotentha ndi dzuwa, ngati lomwe ankayanikapo kumtsinje kwawo.

Zina zinamudabwitsa ndithu. Mabwato anali atagona chammbali pamchenga wouma, koma omangidwa ndi zingwe zazitali ngati mbuzi zothawathawa. Ndere zinali zitandanda mzere m'munsi mwa chitunda. Pathanthwepo panamatirira tizigoba ta nkhono. Mayi a Bwato, mkazi wa woyendetsa bwato la paki, anali pafupi akutola mabotolo otayidwa, ndipo funso linafika pamlomo pa Mlamu. Koma analimeza. Dzulo lake amayi a m'nyumbazo anali atamuseka pofunsa ngati madzi a m'nyanja amaphikira tiyi, ndiye sanafune kusekedwa kawiri. Anapereka moni, natsika, nayala nsalu zake bwinobwino, napsinja m'makona ndi miyala, nabwerera kukakolopa zipinda akuimba.

Dzuwa litapendeka pang'ono, Mayi a Bwato anasuzumira pazenera n'kumufunsa ngati anaanula. Mlamu anayankha kuti aziume kaye, zilibe miyendo.

"Nsalu zilibe miyendo, mlamu, koma nyanja ili nayo. Tiyeni."

Pamwamba pa chitunda Mlamu anaponya maso kumene anayanika. Mchenga uja kunalibe. Mabwato anali ataimirira, akuvina pa zingwe zawo. Thanthwe linali litamira, ndipo nsalu zinkayandama ngati mitambo yogwa, madzi akuzikankhira kumitengo ya m'matope.

Mayi a Bwato sanataye nthawi ndi zonena. Anakuwira amayi anzawo, nalanda mwana kumsana kwa Mlamu n'kupatsa wophikira alendo, onse nakwinya zitenje n'kulowa m'madzi ofika m'chiuno. Mizu ija ndiyo inawachitira chifundo, pakuti inakola nsalu ngati ukonde. Matope ankameza mwendo mpaka m'bondo. Wina anakoka nsalu n'kupeza nkhanu itaikakamira, nati mlendo woyamba wafika kale, akufuna chipinda choyang'ana kunyanja. Mayi a Bwato anagwa chagada akulimbana ndi pilokesi, nadzuka ali bii, maso okha akuyera. Mbalame zofiirira za miyendo yaitali zinadzidzimuka ndi phokosolo n'kuuluka gulu lonse pamwamba pawo, ndipo Mlamu, misozi ili m'maso, anapezeka akuseka nawo.

Mwamuna wake anawapeza akutuluka m'matope, iye akuchokera kokaika zizindikiro pamene akamba a m'nyanja anakwirira mazira. Anayang'ana nsalu, nayang'ana mkazi wake, naluma mlomo kuti asaseke.

"Mayi a mwana, bwanji osandifunsa?"

"Inuyo bwanji osandiuza kuti nyanja ya kuno imapita kokayenda n'kubwerako?"

Bamboyo anavomera kuti mlandu ndi wa onse awiri. Popeza ndiye anali wokalandira alendo pachipata, analonjeza kuti awadzeretsa njira yaitali kuti nsalu zipeze nthawi youma. Anachitadi zimenezo. Anawaonetsa mapazi a akamba pamchenga, agwape m'tchire la m'mbali mwa zitunda, mtengo uliwonse n'kuufotokoza mpaka agogo ake, ndipo pomaliza anawakweza pachitunda kuti aone anamgumi akupemerera madzi kutali.

Kunyumba za alendo kunali chipwirikiti. Nsalu zinatsukuluzidwa m'madzi a pampopi mpaka mchere utatha, awiriawiri akupotokola. Anazikoleka pachingwe chomwe chija, wophika ataima ndi tsache kulondera apusi. Mphepo ya kunyanja inagwira ntchito yake, ndipo chinyontho chotsala chinathera pansi pa simbi zamakala zomwe nyumba iliyonse ya antchito inabweretsa. Galimoto ya alendo ikulira panja, Mlamu anali akuwongola ngodya ya bedi lomaliza.

Mayi a Makiyi analowa, nagwira nsalu, nainunkhiza. Anayang'ana matope omwe anaumira kuseri kwa khutu la Mlamu.

"Ndamva kuti mwatsukuluza ndi nyanja yonse," anatero. "Mawa mubwere m'mawa. Koma chilichonse chimene simukuchidziwa kuno, pakamwa muli napo."

Chimene chinapita tsiku limenelo ndi ichi: pilokesi imodzi yomwe nyanja sinabweze, patapata wakumanzere yemwe anatsala m'matope, sopo yemwe akanakwana sabata yonse, makala a anthu omwe anayenera kubwezedwa, ndi dzina. Kuyambira pamenepo palibe amamutchulanso Mlamu. Ndi Mayi a Thanthwe, ndipo amavomera ndi nkhope yowala. Masiku ano asanatuluke ndi beseni amayamba wafunsa Mayi a Bwato kuti madzi abwera nthawi yanji, ndipo akabwera mkazi wachilendo m'nyumbazo, iyeyo ndiye amamukweza pachitunda n'kumulozera mzere wa ndere. Funso lomwe analimeza m'mawa uja likanangomudyera kusekedwa pang'ono basi. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.