Thalauza la Wapampando

Pamsika wa pa Nsanamira malonda adali atafa, mpaka mbuzi zinkagona m'magolosale. Ndiye a Chikakuda, wapampando wa msika, adaika lamulo lodzutsira malonda: aliyense wokagula chinthu kutauni azilandidwa.

Tsiku lina m'mawa adafika pakhonde pa telala Bizaliele, komiti yonse ili pambuyo.

"Makina awa udagula kutauni. Tikunyamula."

Bizaliele adaganiza msanga, poti makinawo ndiwo ankamudyetsera ana.

"Nyamulani, bwana. Koma nditsanzike nawo kaye pokusokerani suti yaulere."

A Chikakuda adameza malovu.

"Kungoti tepi yanga adadya makoswe," adatero Bizaliele. "Lowani kuseri kwa chitenjeku, mundiponyere thalauza ndiyezerepo."

Thalauza lidauluka. Bizaliele adalitembenuza n'kuwerenga mokweza kansalu ka m'chiuno, dzina la sitolo ndi msewu wake womwe.

"Aa, lakutauni ili! Akomiti, lamulo likuti bwanji?"

"Kulanda!" adakuwa amayi ogulitsa tomato. Mlembi wa komiti adalipinda bwinobwino n'kuliika m'thumba.

"Iwe Bizaliele!" adazaza a Chikakuda kuseri kuja, kukungooneka timiyendo ndi sokosi zobooka. "Ndisokere lina msanga!"

"Ndisoke ndi chiyani, bwana? Makina mwalanda."

"Ndakubwezera!"

"Nanga nsalu?"

Mlembi adathamangira pagolosale yoyandikana n'kugula nsalu, yoyamba kugulidwa chaka chimenecho. Bizaliele adasoka mosapupuluma, mwendo wina m'mawa, wina masana. Khamu lodzaonerera lidamaliza mandasi, thobwa ndi nzimbe zonse. Akuti mbuzi zija mpaka lero zikugona panja.