Nkhuku Imene Abiti Yasini Anabisa

Tsiku lina Loweruka, titangomaliza swala ya Asiri, pemphero la dzuwa litapendeka, a Swaleyi Mtalika anafika kunyumba kwa Shehe Amini Chilungo ku Liwonde. Ine ndinali pomwepo, chifukwa nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa ana kumadrasa pansi pa Shehewo, ndipo madzulo ambiri ndinkapita kukafunsa zimene zandivuta. Tinali pakhonde. Shehe anali atakhala pamkeka, lichero lili pamiyendo, akusankha nyemba, popeza maso a mayi a kunyumba kwawo anali atayamba kufooka.

A Swaleyi anali telala wodziwika pamsika. Kale makina awo sankapuma. Koma kaunjika atachuluka anthu anasiya kusoketsa, ndipo ntchito imene inawatsalira inali yopinda mathalauza, kuika zigamba, ndi kusoka mayunifolomu sukulu zikamatsegulidwa. Chimene sichinasinthe chinali mbiri yawo yochereza alendo. Munthu wachilendo akaoneka mumzikiti pa swala ya Magharibi, dzuwa litangolowa, aliyense ankadziwa kuti chakudya chamadzulo akadyera kwa a Swaleyi. Eni akewo ankanyadira zimenezi, ndipo sankabisa.

Anapereka salamu, Shehe anayankha n'kuwalozera mpando umodzi womwe unali pakhondepo, iwo n'kukhalabe pamkeka. Nditaona nkhope ya mlendoyo ndinanyamuka kuti ndiwapatse mpata, koma a Swaleyi anandiletsa.

“Khalani, mwalimu. Nkhani yake yamveka kale kwa oyandikana nafe, palibe chobisa.”

Kenako anatembenukira kwa Shehe nati: “Shehe, ndabwera ndi nkhani ya m'nyumba mwanga. Mayi a ana anga, Abiti Yasini, andichititsa manyazi pamaso pa anthu aulemu. Ndawauza kuti alongedze, apite kaye kwa amalume awo ku Ntaja. Koma ndisanaitane ankhoswe ndati ndimve kwa inu: kodi chipembedzo chathu chimati chiyani za mkazi woumira, amene amamana alendo a mwamuna wake?”

Shehe anaika lichero pambali.

“Kuumira ndi matenda oipa,” anatero. “Mulungu atitalikitse nako. Tandifotokozereni zimene zachitika.”

“Dzulo kunabwera akuluakulu ena ochokera ku Namwera,” anayamba a Swaleyi. “Galimoto yawo inawonongekera pafupi ndi mlatho, ndiye anaswali nafe. Ndinawatengera kunyumba monga ndimachitira. Nditafika ndinauza Abiti Yasini kuti andigwirire nkhuku ndiizinge. Ndinadikira, mpeni uli m'manja, nkhuku osaoneka. Pambuyo pake ndinamva kuti anaiika mudengu n'kukaisiya kwa mayi wina woyandikana nafe. Ndiye alendo anga ndinawapatsa chiyani? Nyemba, chigwada chotendera ndi mgaiwa. Anthu a ndevu zoyera, Shehe, mgaiwa ndi chigwada! Alendo atapita ndinawafunsa, iwo n'kundiyankha kuti nkhuku yatsala imodzi yomweyo, ndipo ikuikira, mazira ake ndi amene ana amadyera. Ngati kuti ine sindidziwa kuti ndili ndi ana.”

“Kodi ndi koyamba kuchita zotere?”

“Kubisa nkhuku ndi koyamba. Koma kuumirako kunayamba kale. Mafuta amathira ngati akudonthetsa mankhwala m'maso. Nyemba amaziviika kuyambira m'mawa, ati kuti zisathe makala. Bonya amamusinja n'kumuwaza m'masamba, kuti tizingomva fungo la nsomba, nsombayo osaiona. Mazira amawamenyera m'kabichi ndi tomato mpaka sudziwa kuti muli dzira. Mayi anga sankaphika chonchi. Pakhomo pa bambo anga mlendo ankadya nyama.”

Shehe anamvetsera zonsezo osawadula mawu. A Swaleyi atamaliza, anafunsa modekha: “Alendo a dzulowo anadya?”

“Anadya.”

“Anakhuta?”

“Anakhuta, anathokozanso. Koma n'chifukwa choti ndi anthu aulemu.”

“Nanga ana anu anadya chiyani?”

A Swaleyi anadabwa pang'ono ndi funsolo. “Za ana zimenezo ndi za mayi awo. Ine ndimadya ndi alendo pabalaza.”

“Ndamva. Mundikhululukire, ndifunsenso. Mukamachoka m'mawa, za ndiwo zimene mumasiya zimakhala zoti zikwanire banja lokha, kapena ndi alendo omwe?”

“Ndimasiya zimene ndapeza, Shehe. Inu mukudziwa mmene ntchito yathu yakhalira.”

“Ndikudziwa. Ndipo mumawauza mayiwo m'mawa kuti madzulo mubwera ndi anthu?”

“Ndingadziwe bwanji m'mawa amene ndidzakumane naye kumzikiti madzulo?”

“Zoona,” anatero Shehe. “Ndiye kuti mphika amautereka poganizira banja, ndipo pakamwa pamachuluka ndiwo zitapsa kale.”

A Swaleyi anakonza kofia yawo pamutu, n'kulankhula ndi mawu okwererako: “Popeza ndabwera, ndinene zonse. Inunso, Shehe, mwandikhumudwitsa. Munadya kwathu kamodzi kokha, chaka chatha. Kuchokera pamenepo ndakuitanani kangapo, inu mumangothokoza, osabwera. Anthu ayamba kundifunsa ngati tinayambana. Mwina nanunso munaona kuti kaphikidwe ka pakhomo panga sikoyenera munthu ngati inu. Ngati ndi choncho, ndiuzeni, kuti ankhoswe akamve kuti si ine ndekha amene ndaona.”

Shehe anayang'ana pansi. Ine ndinkawadziwa bwino: sankakonda kunena zimene aona m'nyumba ya munthu, makamaka nyumba imene adyamo.

“A Mtalika,” anatero pomaliza, “chakudya cha pakhomo panu chinali chokoma, ndipo munandilandira ndi ulemu woposa umene ndimayenera. Zimene ndinene ndinafuna kuzisunga. Koma mwafunsa, ndipo banja la munthu lili pafupi kutha. Mundilole ndinene pamaso pa mwalimuyu, kapena achoke?”

“Nenani. Ndilibe chobisa.”

“Tsiku lija tinali alendo angapo. Munatizingira tambala, mayi anaphika mpunga. Titayamba kudya ndinatsamwa pang'ono, ndiye ndinatuluka kukatsokomolera panja kuti ndisasokoneze anzanga. Ndinaima pakona pa nyumba, pafupi ndi khitchini, ndipo amene anali m'khitchinimo sanandione. Ana anu anali atakhala pansi mozungulira mbaula. Mumphika munatsala khosi ndi mapazi a tambala uja. Mayi awo anathiramo madzi, anadulira tomato mmodzi amene anali naye, n'kubwezera pamoto kuti msuzi uchuluke. Mpunga unali utapita wonse pabalaza. Iwo ankakanda makoko a pansi pa poto n'kumagawira anawo m'manja. Ndinamva akuwauza kuti, ‘Dikirani alendo amalize, mwina asiyako.’ Ndiye mwana wanu wamkazi wamng'ono uja, Zainabu, anafunsa kuti, ‘Amayi, kodi a Shehe amadya kwambiri?’”

Shehe anapitiriza ndi mawu otsika.

“Mayi ake anamutseka pakamwa ndi dzanja, n'kumuuza kuti mlendo sitimunena. Ine ndinabwerera pabalaza. Mukumbukira kuti munandikakamiza kuti ndidye, ine n'kunena kuti ndakhuta. Ndinasiya nyama yanga yonse m'mbale, ndili ndi chiyembekezo choti ibwerera kukhitchini. Koma inu, mwa mtima wanu wabwino, munaitenga n'kuiika m'mbale ya mlendo amene anakhala pambali panga, ndipo iye anaimaliza. Mbale zinabwerera zopanda kanthu. Potuluka tonse tinakugwirani chanza, tikukuthokozani ndi kukupemphererani madalitso. Kuchokera tsiku limenelo, mukandiitana ndimamva mawu a mwana uja. Sindinabwerenso chifukwa ndinkaopa kumudyera chakudya chake.”

Nkhope ya a Swaleyi inasintha. Anayang'ana manja awo kwa kanthawi, kenako anati: “Sanandiuzepo. Zaka zonsezi sanandiuzepo.”

“Mwina ankaopa kukuchotserani chinthu chimodzi chimene chinakutsalirani ntchito itavuta,” anatero Shehe. “Ankaona kuti mukabwera ndi mlendo mumayenda mowongoka ngati kale. Zimene mwanditchulira zija, mafuta odontheza, nyemba zoviika, bonya wosinja, dzira lobisika m'kabichi, inu mwazitcha kuumira. Ine ndikuona munthu amene tsiku lililonse amalandira zochepa n'kuzitambasula mpaka zifike pakamwa paliponse, ndi pa anthu amene sanawayembekezere. Munthu woumira amabisa kuti adye yekha. Kodi Abiti Yasini ananenepa chaka chino?”

“Ayi,” anayankha a Swaleyi motsitsa. “Anaonda. Ndinkati ndi ukalamba.”

“Dzulo anabisa nkhuku. Sindikunena kuti kubisira mwamuna wako ndi njira yabwino. Akanatha kukukokerani pambali n'kulankhula nanu. Akadzabwera kuno ndidzawauza zomwezo. Koma taganizani: akanakupatsani, alendo akanadya nyama usiku umodzi, inu n'kutamandidwa mpaka ku Namwera. M'mawa mwake ana akanayamba kudya kabichi wopanda ngakhale dzira lobisika lija. Ndipo alendo anu sanawamane. Anawapatsa zimene banja lanu limadya, anakhuta, anathokoza.”

Apa kunyada kwa a Swaleyi kunadzukanso pang'ono, monga zimachitikira munthu akamva choonadi chimene chikumupweteka. Anawongoka pampando.

“Koma Shehe, inu nomwe mumatiphunzitsa kuti tizilemekeza mlendo, ndiponso kuti wopatsa sasauka pamaso pa Mulungu. Bambo anga anamwalira khomo lawo lili lotsegula. Kodi mukundiuza kuti nditseke langa? Munthu wapaulendo akaswali pambali panga, alibe kokadya, ndizimusiya pakhomo pa mzikiti chifukwa nkhuku ikuikira? Nanga pa tsiku lachiweruzo ndikayankha chiyani?”

Shehe anamwetulira pang'ono, osati monyoza, koma ngati munthu amene wakondwa kuti funso lenileni lafika.

“Ayi, a Mtalika, musatseke khomo. Mtima wofuna kudyetsa mlendo ndi mphatso, ndipo ambiri a ife tilibe. Pitani kunyumba tsopano lino dzuwa lisanalowe, mukauze Abiti Yasini amasule katundu wawo, ndipo mukawapemphe chikhululuko ana akumva, popeza munawakalipira ana akumva. Kuyambira lero, mukabwera ndi mlendo muziyamba mwalowa kukhitchini. Mayi agawe chakudya monga anakonzera: ana mbale zawo, iwo mbale yawo, inu mbale yanu. Zikatero tengani mbale yanuyo mukaiike pakati pa inu ndi mlendo wanu. Kaya muli chigwada, kaya muli nyemba, musachite nazo manyazi. Mukagona ndi njala inuyo, imeneyo ndiye sadaka yanu, chopereka chanu chachifundo, ndipo Mulungu akudziwa mwini wake. Koma chakudya chimene mwakhala mukupatsa alendo zaka zonsezi sichinali chanu. Munkagawa cha mkazi wanu ndi cha ana anu osawapempha. Njala ankagona nayo ndi iwo, zikomo munkalandira ndi inu.”