Mkamwini Wosaona ndi Chimanga cha Apongozi Ake

Panali mwamuna wina, mlimi wakhama, amene ankakhala chikamwini kwawo kwa mkazi wake. Matenda a shuga anamugwira, maso nkuyamba kuchita nkhungu. Kuchipatala anayesetsa, koma pomwe mvula yoyamba inkagwa, iye anali asakuonanso.

Chimanga chinamera, udzu nawonso unamera. Mwamunayo anati mumtima mwake, "Munda ndi wanga, miyendo ikuudziwa." Mkazi wake anamuperekeza mpaka pamzere woyamba nkupita kukatunga madzi. Iye anayamba kupalira ndi mphamvu zake zakale. Sanadziwe kuti wapatuka. Anadutsa malire nkulowa m'munda wa apongozi ake aakazi, ndipo chimene khasu linkadula sunali udzu.

Mayi wina wodutsa m'njira anakuwa, "Mayo ine! Bambo, siyani! Chimanga chatha!"

Anthu anathamangira komweko. Palibe amene anaseka. Iye ankangomva mapazi akumuzungulira ndi mawu onong'ona akuti, "Zachisoni." Apongozi ake anafika, anaima nkuyang'ana chimanga chodulidwacho. Akanamukalipira, mwina zikanapepuka. Mwamunayo anasiya khasu pomwepo, ndipo anthu anamugwira dzanja ngati mwana mpaka kunyumba.

Analowa m'nyumba nkutseka chitseko. Anauza mkazi wake kuti, "Nankhoma, munthu akandifuna muzimuuza kuti ndinapita kwathu."

Masabata anadutsa. Ngakhale kuchimbudzi ankadikira kuti anthu onse apite kumunda. Amayi a kumpingo atabwera kudzamuona, iye anamva mkazi wake akuwanamiza pakhonde movutikira, pakuti sanali munthu wabodza. Tsiku lina anamva mlamu wake, mchimwene wa mkazi wakeyo, akulankhula kuseri kwa nyumba: "Achemwali, munthuyu ingomubwezani kwawo. Mulima nokha mpaka liti?"

Masana ena mkazi wake anabwera ndi madzi osamba m'manja. Pofufuza beseni, mwamunayo anagwira dzanja la mkaziyo. Linali ndi matuza ophulika, ena akutuluka madzi. Mkaziyo anafuna kulibweza, koma iye analigwiritsa.

"Nchiyani ichi?"

"Si kanthu, bambo. Ndikupalira munda wathu, ndikatero ndimakapakiza chimanga kwa amayi."

Pamenepo manyazi ena anamugwira, oposa oyamba aja. Iye anabisala kuti asaonedwe, ndipo katundu wa kubisala kwake anasenza ndi mkazi wake.

M'mawa mwake, dzuwa litakwera, anthu ali m'njira, anatsegula chitseko. Khasu sanatenge. Anapempha mkazi wake kuti amufikitse kumunda. Atafika anagwada pansi. Dzanja lamanzere linafufuza phesi la chimanga nkuligwira, lamanja linazula zonse zomera mozungulira. Kenako anakwawa kupita paphando lotsatira.

Munthu wamkulu, wandevu, akukwawa m'matope. Odutsa anaima kumuyang'ana, ndipo iye ankadziwa kuti aima. Anazulanso chimanga china mosadziwa, nachibzalanso ndi zala. Linthumbu linamuluma. Tsiku lonse sanamalize ngakhale zimene kale ankalima asanadye phala. Anabwerera mawondo atasupuka.

Mawa lake anapitanso. Mkuja anapitanso.

Pang'onopang'ono zala zinaphunzira. Zinadziwa tsamba la chimanga, zinadziwa chisoso, zinadziwa nyemba zobzalidwa pakati. Manyazi sanathe msanga, ayi. Ankapita nawo kumunda ndi kubwera nawo, mpaka odutsa anatopa nkuyang'ana, nayamba kungopereka moni.

M'mawa wina, potuluka, dzanja lake linakhudza chingwe cha luzi chomangidwa pamzati wa khonde. Anachitsatira. Chinadutsa pamtengo ndi mtengo mpaka m'munda mwake.

"Wamanga ndani?" anafunsa.

"Amayi," anatero mkazi wake. "Ati mkamwini wawo asamadikire womuperekeza."

Chaka chimenecho sanakolole zambiri. Koma nkhani yomubweza kwawo sinamvekenso.

Tsono inu amene maso akuthawani posachedwa, mverani. Mudzataya madzi pamaso pa alendo. Mudzapereka moni kwa mtengo. Mudzavala malaya chotembenuza, ndipo wina adzakuuzani pagulu. Zimenezi zidzakuwawani, sindikunamizani. Koma akulu anati manyazi anapha lambe. Amene alakwa poyera amachita manyazi tsiku limenelo, mawa lake zala zake zadziwako kanthu. Amene atseka chitseko saphunzira kalikonse, ndipo amene amamukonda ndiye amavutika. Ngati njira yakale yakana, gwadani mufufuze ina, ngakhale anthu akuyang'ana. Mukalakwitsa lero, mawa mupitenso.